Bwana akutuluka pompano

"Sindichedwa, achimwene. Bwana akutuluka pompano."

Anatero dalaivala wa chigalimoto choyera cha magalasi akuda, atatsitsa galasi pang'ono pongokwana pakamwa. Amene ankauzidwayo anali mlonda wa pamalo oimika magalimoto, bambo wochepa thupi, yunifolomu yomukulira m'mapewa, chibonga chili m'khwapa. Mlondayo analoza pansi ndi chibonga chija. Pakati pa matayala akutsogolo pankaoneka mbali imodzi ya chithunzi cha munthu wokhala pa chikuku, penti yake itasuluka ndi dzuwa ndi mvula.

"Pano m'pa anzathu aulumali, adalaivala. Malo alipo ambiri kumtunda uko."

"Ndaona. Akabwera ndisuntha. Alipo amene wabwera?"

Panalibe amene anali atabwera. Mlonda anayang'ana kuchipata, anayang'ana nambala ya galimotoyo, kenako anabweza chibonga m'khwapa n'kuchokapo. Galasi linakwera. Bwana amene ankati akutuluka pompanoyo anali adakali m'mitambo, chifukwa ndege yake inali isanatere n'komwe.

Pabwalo laling'ono la ndege, ndege ikachedwa aliyense amadziwa, poti palibenso ina yoti n'kusokoneza nayo. Anthu odzachingamira abale awo amayamba ndi kukhala m'magalimoto, kutentha kukawakwana amatuluka n'kukaunjikana pamthunzi pafupi ndi mpanda. Pamenepo m'pamene pali ambulera ya mnyamata wa Mpamba ndi Airtel Money, dengu la mayi wa nthochi ndi mtedza, ndi benchi la amatakisi. Ine ndinapeza kampata kumapeto kwa benchilo. Pamalo otere sufunika kufunsa funso. Ungokhala chete, nkhani imabwera yokha.

Woyamba anali wa takisi wina wonenepa, wa kapusi yofiira, amene ankasenda mtedza n'kumaponya makoko pakati pa mapazi ake.

"Mlonda ameneyu amangodzivutitsa. Wolumala wake uti wokwera ndege? Tikiti ya ku Joni mukuidziwa mtengo wake? Ife amiyendo iwiri yomwe ikutikanika. Malo amenewa anangojambula kuti azungu aone."

"Iwe umanyamula okhaokha opita kunyanja, n'chifukwa chake," anayankha mnzake, wamtali, wa makiyi pachala. "Ine makasitomala anga ambiri ndi ochokera kuchipatala ku India. Ena ndimawaperekeza akuyenda okha, pobwera ndimawalandira ali pa chikuku. Wina opaleshoni ya msana, wina ya m'chiuno, wina anamudula mwendo chifukwa cha shuga. Ukunena kuti amenewo azitsikira kuti?"

"Amenewo ndi odwala, si olumala."

"Nanga chikuku chimasiyanitsa?"

Mayi wa nthochi, osatukula n'komwe mutu pa ndalama zimene ankawerenga, anaponyapo ake: "Lungalunga n'pobadwa, achimwene, chilema chichita kudza." Wa kapusi yofiira anaseka, nati mayi mukundilodza, koma anasiya kaye kusenda mtedza.

Maganizo a mkulu wa kapusiyu si ake yekha, ndipo ndi amene amadzaza malo amenewa ndi magalimoto a anthu amphamvu zawo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, 10.4 ali ndi ulumali wa mtundu wina wake. Amenewo ndi anthu oposa 1.5 miliyoni. Inde, ambiri a iwo sadzakwera ndege, monganso ambiri a ife tonse. Koma kuno kwathu bwalo la ndege silifika okwera okha. Munthu mmodzi akamapita ku sukulu kunja, omuperekeza amadzaza minibasi, ndipo m'minibasimo simulephera kukhala agogo oyendera ndodo amene aumirira kuti akamuone mdzukulu akulowa m'ndege ndi maso awo. Za okwerawo, ndani waiwala malemu Rachel Kachaje? Anapuwala miyendo ndi poliyo ali mwana, ankayendera chikuku, anatsogolera mabungwe a anthu aulumali a maiko ambiri, ndipo mu 2013 anakhala nduna ya boma yoona za anthu aulumali ndi okalamba. Misonkhano yakunja imeneyo sankapitako pa kabaza.

Mkangano uli mkati, pachipata panalowa kagalimoto kakang'ono kotuwa. Woyendetsa anali mayi wa zaka za m'ma 40, pambali pake mkulu wa imvi, atatchena suti yakuda ndi chipewa. Kagalimotoko kanalunjika kukhomo monga kodziwa kumene kakupita, kenako kanaima kumbuyo kwa chigalimoto choyera chija.

Malo ojambulidwa chikuku pabwaloli ndi awiri. Achiwiriwo panali pikiapu yafumbi, masamba ataunjikana pa waipa. Amatakisi anati mwini wake anaisiya pamenepo n'kukwera ndege, ndipo palibe ankadziwa tsiku lobwera.

Mlonda anathamanga n'kukagogoda pagalasi la chigalimoto choyera. Zii. Anaphimba maso ndi manja n'kusuzumira. Munalibe munthu. Dalaivala uja wa "akabwera ndisuntha" anali atakiya galimoto n'kulowera kwina, ena akuti kuchiwaya kunja kwa geti, ena akuti mkati kukaona ngati ndege yatsala pang'ono. Mlonda anazungulira galimotoyo kawiri ngati kuti makiyi angagwe okha, kenako anapita pazenera la mayi uja atagwira chipewa chake pachifuwa.

"Pepani, mayi. Mwina muyese kumtunda."

Kumtundako malo analipo, pakati pa minibasi ya mpingo wina ndi galimoto yofiira. Mayiyo analowetsa bwinobwino, natsika, nazungulira mbali ya bambo aja. Chitseko chinatseguka pang'ono n'kugunda m'nthiti mwa minibasi. Mpatawo munthu wolimba akanatulukirapo cham'mbali atakoka mimba, koma chikuku sichikanalowapo. Anabwerera pachiwongolero, nabweza galimoto m'mbuyo mpaka theka lake linatulukira panjira yodutsa ena. Apo chitseko chinatseguka chonse. Apo pomwenso m'pamene hutala inayamba kulira, poti kumbuyo kunali kutaima magalimoto atatu.

Apa tonse pamthunzi paja tinali titasiya zolankhula. Mayiyo anatsegula buti, natulutsa chikuku chopinda, nachitambasula pochikanikiza pokhalira ndi zikhatho, naikapo kushoni, nachikankhira pachitseko. Pansi panali potsetsereka, ndiye chikuku chinayamba kubwerera chokha asanamange mabuleki. Anachigwira ndi bondo. Mkulu uja anali atatulutsa kale mwendo wakumanja yekha, ndipo ankanyamula wakumanzere ndi dzanja, pang'onopang'ono, mmene amachitira munthu amene anagwidwapo ndi sitiroko. Dzanja lake lamanzere linali litapindika pamimba.

"Ndisiye, mwanawe, ndichita ndekha," tinamva akutero.

"Adadi, anthu akudikira."

Hutala inaliranso, ulendo uno yaitali. Mayiyo anawerama n'kuwakumbatira bambo akewo m'chiuno kuti awadzutse. Amatakisi aja, kuphatikizapo wa kapusi yofiira, anathamangira komweko ndi mtima wabwino wokhawokha. Wina anagwira mwendo, wina lamba wa thalauza, wina anakoka dzanja lopindika lija.

"Dzanja ilo ayi! Dzanja ilo ayi!"

Anamukhazika pa chikuku mopendekeka, jekete litakwinyikira kumsana, shati itasolotoka, chipewa chili pansi pa minibasi. Mnyamata wa Mpamba anakwawa n'kuchitola, nachipukuta ndi mkono. Mkuluyo anachilandira n'kunena kuti, "Zikomo, ana anga," koma sanayang'ane aliyense kumaso. Anakhala pomwepo padzuwa, pakati pa njira, kudikira kuti mwana wake alowetsenso galimoto.

Ulendo wochoka pamenepo kukafika kukhomo unali ndi zakezake. Kumtundako phula linatha kalekale, pali miyala yosweka, ndipo timatayala takutsogolo ta chikuku tinkangotitimira. Mayiyo ankachita kuchipendeketsa chagada kuti chiyende ndi matayala akuluakulu okha. Pangalande panali silabu losweka pakona, moti anachita kuyenda chafutambuyo. Kanjira kotsetsereka kokwerera pakhonde kalipo, koma anakamanga pafupi ndi malo awiri aja, ndipo mphuno ya chigalimoto choyera inali itakatseka. Panafunikanso anthu awiri oti anyamule chikuku ndi mwini wake yemwe kuti chikwere pakhonde.

Amatakisi atabwerera pabenchi, akupukuta thukuta ngati anthu ochokera kudambwe, mdala wina amene anali chete nthawi yonseyi anakonza kukhosi. Anali wovala jekete lotuwa, cholembera chili m'thumba lapachifuwa, ndipo ananena yekha kuti anapuma pa ntchito ya ufolomani wa zomangamanga.

"Mwathandiza, koma mwamupweteka munthu uja. Ndipo inu nonse mukuganiza kuti malo amene aja ndi nkhani ya kufupi ndi khomo basi. Kufupiko n'kofunika, koma chachikulu ndi m'lifupi."

Anaimirira n'kuyamba kuponda pansi, phazi kutsogolo kwa linzake. Malo oimika galimoto wamba, anatero, amakhala pafupifupi mamita 2.4 m'lifupi. A munthu wa chikuku amawonjezerapo mamita 1.2 m'mbali, ndipo mpata umenewo amaujambula mizeremizere kuti pasaime kanthu. M'pamene pamatsegukira chitseko mpaka kumapeto, m'pamene pamaima chikuku mogundana ndi mpando wa galimoto. Pansi pake payenera kukhala posalala ndiponso posapendekeka. Kanjira kokwerera pakhonde nako kali ndi muyeso: pokwera mita imodzi, katalike mamita 12, apo ayi munthu sangadzikankhe yekha.

"Ndiye mukapita m'tauni muone," anapitiriza motero. "Pamizeremizere paja m'pamene anyamata a njinga zamoto amaimikapo. Amati ndi malo otsala. Kwina amisiri anzanga amangotenga malo wamba n'kujambulapo chikuku, osawonjezera ngakhale chala chimodzi. Ameneyo wajambula chithunzi, sanamange kanthu."

Chithunzi chimenechi, tikanena zoona, chayenda ulendo wautali kuti chidzapondedwe ndi tayala kuno. Anachijambula mu 1968 ndi Susanne Koefoed, mtsikana wa ku Denmark amene ankaphunzira luso lojambula. Poyamba munthu wa pachithunzipo analibe mutu, anachita kumuikira pambuyo pake. Lero chili m'mabwalo a ndege a dziko lonse lapansi, ndipo palibe dalaivala amene angati sachidziwa. Wa chigalimoto choyera uja sananene kuti sakuchidziwa. Anati waona.

Panali chemwali wina wa magalasi adzuwa amene ankadikira mng'ono wake. Kalankhulidwe kake kanaonetsa kuti wakhalitsa kunja, ndipo posakhalitsa anaulula kuti amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain ndipo wabwera kutchuthi.

"Kumene ndimakhalako zimenezi sizingachitike chisawawa," anatero. "Munthu waulumali amapatsidwa khadi ndi khonsolo, amati Blue Badge. Khadilo ndi la munthu, osati la galimoto. Kaya wakwera ya mwana wake, kaya ya neba, amaliika kutsogolo pagalasi, woyang'anira akamadutsa amaliona. Ukaimika popanda khadi upeza tikiti ya chindapusa pa waipa. Ukagwiritsa ntchito la agogo ako iwo kulibe, akhoza kukulipiritsa mpaka mapaundi 1,000."

"Kuno khadi limenelo mawa lake lili pa fotokope," anatero wa kapusi yofiira. "Mkuja lake aliyense wa Prado ali nalo."

Anthu anaseka, chemwali yemwe anaseka nawo, nati akuba makadi kumenekonso aliko. Koma mlonda, amene anali atabwera kudzapempha madzi akumwa kwa mayi wa nthochi, sanaseke.

"Khadilo ine lingandithandize," anatero. "Panopa ndimangoyang'ana ndi maso. Tsiku lina anaimika pamene paja mnyamata wooneka bwinobwino, jinzi, nsapato zamasewero. Ndinamuthamangitsa mwaukali, poti ameneyo ndiye msinkhu wanga woti ndingamukalipire. Sanayankhe. Anangopinda thalauza mpaka m'bondo. Mwendo wachitsulo. Anthu anandiseka tsiku limenelo. Kuyambira pamenepo ndimaopa mbali zonse: woyenda bwino ndimaopa kuti mwina ali ndi vuto losaoneka, wa galimoto yaikulu ndimaopa ntchito yanga."

"Bwanji osaikapo makoni?" anafunsa mdala folomani.

"Ndimaika, madala. Amatsika n'kuchotsa okha. Ena amandiitana ndi chala kuti ndichotse ineyo. Ukati ulimbe, akufunsa kuti, 'Ukundidziwa kuti ndine ndani?' Ine kampani imene inandilemba siili pano, ili m'tauni. Akaimba foni kuti mlonda wanu ndi wamwano, mawa ndili kunyumba. Amene angaimbe foni kuti mlonda wanu anateteza malo a olumala ndi ndani?"

Funso limenelo palibe analiyankha, ndipo ine ndikuona kuti nkhani yonse yagona pamenepo. Malamulo tili nawo, ndipo si a dzulo. Bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACOHA linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1971. Mu 2009 dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lonena, mwa zina, kuti anthu aulumali azitha kufika m'nyumba ndi m'malo ofikamo anthu onse. Mu 2024 kunabwera lamulo latsopano lolowa m'malo mwa awiri akale aja, ndipo MACOHA inasanduka MACODA. Pa 3 Disembala chaka chilichonse pamakhala zikwangwani, matisheti ndi zolankhula za akuluakulu, a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, n'kukumbutsanso zomwe akhala akukumbutsa. Zonsezo n'zabwino. Koma lamulo likatsika kuchoka ku Nyumba ya Malamulo n'kufika paphula, amene amatsala nalo m'manja ndi munthu wolandira ndalama zochepa kuposa wina aliyense pabwalopo, wopanda pepala loti aonetse, wopanda womuikira kumbuyo. Tamutuma kuti akaletse anthu amene akhoza kumuchotsa ntchito ndi foni imodzi.

Wa takisi wamtali uja anawonjezera mfundo imene sindinaimvepo kwina. Anati mkati mwa nyumba ya bwalo zinthu zimakhalako bwino, chifukwa mumakhala mwini nkhani. Ukagula tikiti n'kunena kuti sutha kuyenda, kampani ya ndege imalemba. Iye anaziona pa mapepala a makasitomala ake mpaka anaziloweza: WCHR ndi munthu amene masitepe akwera yekha koma mtunda wautali sangathe, WCHS ndi amene masitepe sangakwere, WCHC ndi amene ayenera kunyamulidwa mpaka pampando wa m'ndege. Pabwalo ngati ili, pamene anthu amayenda pansi kupita pandege n'kukwera masitepe, zilembo zimenezo n'zofunika kwambiri, ndipo ogwira ntchito amakhala atakonzeka ngati anauzidwa nthawi ilipo.

"Koma kuchoka pagalimoto kufika pakhomo," anatero, "pamenepo palibe mwini. A ndege amati zathu zimayambira pakauntala. Olipiritsa pageti amati zathu ndi risiti. Apolisi amati ife tikuyang'ana zachitetezo. Ndiye munthu amavutika pa mamita ochepa omwewo, ndege asanaione n'komwe."

Patapita kanthawi mayi uja anatuluka yekha kudzagula madzi a m'botolo. Mayi wa nthochi anamupatsa mpando wake, namufunsa ngati bambo ali bwino. Anati ali bwino, awasiya mkati pafupi ndi zenera. Abwera kudzachingamira mdzukulu wawo amene wakhala ku Joni zaka zambiri.

"Ndinawauza kuti atsale, tikawapeza kunyumba. Anakana. Adzuka m'mamawa, ameta ndevu, asankha okha tayi." Anatsegula botolo koma sanamwe. "Mukudziwa, mayi, kunyumba amatsika okha m'galimoto. A mafizo anawaphunzitsa. Ine ntchito yanga ndi kuika chikuku pambali n'kumanga mabuleki. Iwo amagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko ndi dzanja labwinoli, amaponda ndi mwendo wabwinowu, amatembenuka, akhala. Zimatenga nthawi, koma amachita okha, ndipo safuna kuti wina awakhudze. Lero ndawagwira m'chiuno bambo anga ondibereka, pamaso pa anthu. Shati kusolotoka, mimba pamtunda, anyamata osawadziwa akuwakoka lamba. Anali ahedi a sukulu bambo aja."

Mayi wa nthochi anangoti, "Pepani, mayi," n'kuomba m'manja pang'ono. Azibambo tonse tinayang'ana pansi. Aliyense wa ife anakula akudziwa kuti mwana wamkazi akakula salowa kuchipinda kwa bambo ake, nanji kuwagwira thupi. Matenda akafika, miyambo ina imagonja, koma imagonjera m'nyumba, chitseko chili chotseka. Mamita 1.2 amene mdala folomani ankayeza ndi mapazi aja ndi amene akanachititsa kuti mkuluyo atsike yekha, akonze tayi, alowe m'nyumba ya bwalo ngati mphunzitsi wamkulu wodzalandira mdzukulu wake.

"Anena kuti ulendo wina sadzabweranso," anamaliza motero mayiyo. Wa kapusi yofiira sanayankhe kanthu. Mwina anazindikira, mwina ayi, kuti umu ndi mmene zimayendera: munthu amazunzika kamodzi, amalumbira kuti sadzabweranso, malo aja amakhala opanda kanthu, ndiye wina amabwera n'kunena kuti mwaona, olumala safika kuno, anangojambula.

Kenako kunamveka mkokomo kumwamba, ndipo pamthunzi panabalalika. Dalaivala wa chigalimoto choyera anatulukira akupukuta mafuta kukamwa, nalowa mkati mothamanga. Pamene anatulukanso anali akukankha ngolo ya masutikesi, kutsogolo kwake kuli bwana, munthu wamtali wa suti yabuluu, foni ili kukhutu. Kumbuyo kwawo kunkabwera banja lija: mnyamata wa chikwama kumsana akukankha chikuku cha agogo ake, onse akuseka, mayi uja ali pambali. Atafika pakhonde anapeza kanjira kadakali kotsekedwa.

Mayiyo sanakweze mawu. "Bwana, galimoto yanu yaima pamalo a anthu ngati bambo angawa, ndipo yatseka potsikira."

Bwanayo anachotsa foni kukhutu, nayang'ana chikuku, nayang'ana pansi. Ndinganame, anaoneka wamanyazi ndithu. Anavula magalasi n'kuwerama kwa mkulu uja.

"Pepani kwambiri, bambo. Sindinadziwe." Kenako anatembenukira kwa dalaivala. "Iwe, maso ulibe? Chizindikiro chonsechi osachiona? Chotsa msanga galimotoyi!"

"Pepani, bwana."

Galimoto inabwerera m'mbuyo, chikuku chinatsika bwinobwino, bwana anakwera kumpando wakumbuyo n'kunyamuka. Nkhani yonseyo sinatenge mphindi zitatu.

"Mwamuona?" anatero wa takisi wamtali, akuyang'ana galimotoyo ikutuluka pageti. "Dalaivala ameneyu ndimamudziwa. Tsiku limene anaimika kumtunda, bwana yemweyo anamukalipira pamaso pathu kuti ndiyende padzuwa ine ngati ndilibe dalaivala? Lero akumufunsa ngati ali ndi maso. Munthu azitani?"

"Azisankha pomukalipira pabwino," anatero mayi wa nthochi.

Ine dalaivala uja sindimuikira kumbuyo, chifukwa kukiya galimoto n'kupita kuchiwaya kunali kwa iye yekha. Koma sindikhulupirira kuti vuto la pabwalo lija lingathe pokalipira madalaivala ndi alonda. Zofunikazo n'zodziwika, ndipo mtengo wake sufika pa tikiti imodzi ya ku Johannesburg. Penti ipakidwenso, pamodzi ndi mizere ya m'mbali. Pakhale chikwangwani chapachitsulo choonekera patali, chifukwa chapansi chimabisika galimoto ikangoimapo. Chikwangwanicho chinene chilango, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo pakhale loko wa tayala woti aliyense amuone. Galimoto yogona pamalo amenewa mwini wake ali kunja ikokedwe. Koposa zonse, mlonda apatsidwe kalata yosainidwa ndi mkulu wa bwalo, ndi nambala yoti aimbe wina akayamba za "ukundidziwa kuti ndine ndani." Nkhani ya khadi ndi ya a MACODA ndi makhonsolo, ndipo akaiganizira adzakhala athandiza mlonda ndi mnyamata wa mwendo wachitsulo nthawi imodzi.

Inu amene mukuyenda ndi m'bale wa chikuku, uzani kampani ya ndege pogula tikiti, chifukwa makampani ambiri amafuna kudziwa kutatsala maola 48, ndipo fikani pabwalo nthawi ilipo. Mukaona munthu akuvutika kutsika m'galimoto, yambani mwamufunsa pomugwira musanamugwire. Ndipo inu okhala kumpando wakumbuyo, dalaivala amaimika pamene akudziwa kuti simukalipa. Muuzeni nokha, musanakwere ndege, kuti pachizindikiro cha chikuku asadzaimikepo ngakhale kunja kukugwa mvula.